Chitseko Chimene Sitinawatsekere Mayi Prisca

Malemu athu, Mayi Prisca Matias, amene agona apawa, anabadwa pa 14 Malichi 1984 m'mudzi uno wa ku Itepela, m'boma la Ngauma. Nonse amene munapatsanapo nawo moni mukulidziwa khalidwe lawo. Dzanja lamanja likugwira lanu, lamanzere linali litafika kale pa mpendero wa malaya anu, kuutembenuza kuti aone msoko. Sankasankha munthu. Anachita zimenezi kwa mkwati pa tsiku la ukwati wake, anachitanso kwa a padiri pakhomo la tchalitchi. Msoko ukakhala wowongoka ankangoti "eya". Ukakhala wokhota ankafunsa dzina la telala, ngati munthu amene akufuna kukadandaula kuboma.

Ine ndine Luciana Matias, mkulu wawo wa malemu, bere limodzi. Ndimagulitsa nyemba ndi nsomba zouma mumsika wa ku Mandimba. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mbiri sawerenga munthu wamkazi, ndipo amalume athu, a Abílio, anali atakonza kuti awerenge a katekisita. Pepalalo ndinalipempha, ndipo ndalilembanso ndekha. Chifukwa chake ndi ichi. Mlongo wathu, a Nelito, akhala apo pafupi ndi bokosi, dzanja lawo lamanzere lili m'thumba. Layamba kunjenjemera monga mmene linayambira la malemu. Eni ake andilola kuti ndinene zimenezi pagulu. Dzulo akuluakulu a banja agwirizana kuti maliro akatha a Nelito asabwerere ku Mandimba, atsale kumudzi kuno tiziwasamala. Choncho mbiriyi muimvetsere bwino, chifukwa ndi mmenenso tinawasamalira awa tikukawaikawa.

Malemu anali achitatu kubadwa mwa ana asanu a bambo Matias ndi mayi Amélia, onse awiri anatisiya kale. M'chaka cha 1986 nkhondo inafika kuno ndipo tinathawira ku Malawi, cha ku Namwera. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinawabereka malemu kumsana mpaka kuwoloka malire. Ana awiri a m'nyumba mwathu anafera komweko ndi chikuku. A Nelito anabadwira komweko mu 1989.

Sukulu malemu anayambira ku Malawi mu 1991, nafika sitandade 3. Titabwerera kuno mu 1994 anawabwezera m'kalasi yoyamba chifukwa sankadziwa Chipwitikizi. Mtsikana wa zaka khumi anakhala pansi pakati pa tiana ta mamina, osadandaula. Anamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri ku Mandimba m'chaka cha 2000. Chaka chomwecho bambo athu anamwalira, ndipo sukulu inathera pomwepo.

Mu 2001 anayamba kuphunzira utelala kwa bambo Ismael, amene ankasoka pakhonde pafupi ndi msika wa ku Mandimba. Bambo Ismael anawaika chaka chathunthu pa mabatani ndi kusita asanawalole kuponda makina. Malemu ankanena kuti chaka chimenecho anawada bambowo ndi mtima wonse, ndipo zaka zonse zotsatira ankawathokoza.

Pa 20 Ogasiti 2005 anamanga banja m'tchalitchi cha Katolika ndi bambo Sérgio, okonza njinga zamoto. Mu 2007 anasamukira ku Cuamba, kumene malemu anaika makina awo a phazi pakhonde, njira ya ku siteshoni. Ankasoka mayunifomu a ana a sukulu ndi madiresi a kapulana, zitenje za kwathu kuno. Mulungu anawapatsa ana atatu. Zaka khumi ndi ziwiri banjali linadya thukuta la makina amenewo ndi la masipanala a bambo Sérgio, osapempha kanthu kwa munthu.

Matenda anayamba mu 2019, malemu ali ndi zaka 35. Chinayamba ndi chala chachikulu cha kumanzere, kugwedezeka chokha dzanja likangokhala. Kenako ulusi unayamba kukana kulowa mu singano. Kenako mwendo unayamba kulemera pa chopondera cha makina. Anthu a ku Cuamba anati telala wayamba kumwa, pamene malemu mowa sanaulawepo. Ife achibale tinati alodzedwa ndi anzawo a ntchito. Tinapita nawo kwa asing'anga awiri, ine ndemwe ndikuwatsogolera, ndipo mphini zake zikulowa nawo m'manda lero. Zaka ziwiri zinatayika choncho.

Mu Ogasiti 2021 bambo Sérgio anawakweza komboyo, sitima ya pamtunda, kupita nawo ku Nampula. Kumeneko dotolo wa za ubongo ndi mitsempha anawauza dzina la matendawa: Parkinson. Anati si opatsirana, si olodza, ndipo mankhwala ochiritsiratu kulibe, koma alipo mapiritsi ochepetsa kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi, oti munthu n'kukhala nawo zaka zambiri. Anatinso kawirikawiri amagwira okalamba, koma ena amawagwira akadali ndi ana aang'ono m'nyumba.

Mapiritsiwo anathandiza thupi. Mtima sanauthandize. Malemu analeka kupita ku tchalitchi chifukwa anthu ankayang'ana dzanja m'malo moyang'ana kuguwa. Matendawa amaumitsanso nkhope, moti munthu akondwe kapena amve kuwawa, nkhope imangokhala imodzimodzi. Makasitomala anati telala wayamba kunyada. Tsiku lina nditawachezera anandiuza kuti, "Achemwali, ndatopa kukhala chionetsero." Ine ndinawauza kuti alimbe mtima, n'kukwera shapa, kaminibasi, kubwerera ku nsomba zanga.

Mu Febuluwale 2022 namwino wina wa ku Nampula anawalowetsa m'gulu lina, ndipo apa ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri a ife tinalimva molakwa. Linali gulu la anthu asanu ndi atatu, onse odwala matenda omwewa, onse osakwana zaka makumi asanu. Wina anali ku Pemba, wina ku Beira, wina ku Quelimane, ena ku Nampula ndi ku Lichinga. Sankakumana maso ndi maso. Lachitatu lililonse 3 koloko masana aliyense ankayatsa telefoni yake kumene ali, n'kumaonana nkhope ndi kulankhulana kwa ola limodzi ndi theka. Wowatsogolera anali Dotola Verónica, mayi wophunzira za maganizo a munthu. Iwowa sankapereka mapiritsi. Ntchito yawo inali kuthandiza anthuwa kulankhula zimene zikuwadya mumtima, ndi kuphunzitsana mmene angakhalire ndi matenda osachoka.

Gululo linali ndi lamulo limodzi lolimba. Aliyense azikhala yekha m'chipinda, chitseko chotseka, pasapezeke khutu lina. Chifukwa chake n'chakuti kumeneko anthu ankanena zimene sangauze ngakhale mayi awo: za kuchipinda kwa banja, za kudzikodzera panjira, za masiku amene munthu amalakalaka asadzuke. Munthu mmodzi akalola mlendo kumvetsera, waulula anzake asanu ndi awiri. Malemu lamuloli analisunga. Bambo Sérgio nawonso analisunga. Lachitatu masana ankatseka gareja yawo, n'kudzakhala pakhonde ndi kabuleta m'manja, kubweza aliyense wofuna kulowa.

Zimene gululo linachita ndinaziona ndi maso anga, ngakhale pa nthawiyo sindinazindikire kumene zikuchokera. Malemu anabwerera ku tchalitchi, dzanja lili poyera. Anagawana ntchito ndi mwana wawo Rozi: iwo kuyeza ndi kulemba choko m'mawa mapiritsi akangogwira, Rozi kuponda makina. Anayambanso nthabwala. Ndikafika ankati, "Bweretsani ufa, sefa yaulere ndi ino," akukweza dzanja lonjenjemeralo. Zaka ziwiri ndi theka anakhala munthu wamoyo.

Mu Okutobala 2024 malemu anagwera pa mbaula n'kupsa mkono. Uthenga utatipeza, ine ndi amalume tinanyamuka kupita ku Cuamba osawachenjeza. Tinafika Lachitatu masana. Tinapeza mwamuna ali pakhonde, chitseko chotseka, ndipo m'kati tinamva mkazi akulira. Bambo Sérgio anaimirira n'kutipempha kuti tidikire pang'ono. Inu nonse muli pano, dzifunseni chimene mukanaganiza. Ife tinaganiza chomwecho: munthu uyu amatsekera mlongo wathu wodwala m'chipinda yekha, n'kumalondera pakhomo kuti asatuluke. Ndinawakankha bambo Sérgio ndi manja angawa, n'kutsegula.

Malemu anazimitsa telefoni msangamsanga. Anayesa kufotokoza, koma matendawa anali atawachepetsa mawu, ndipo ife tinkakuwa. Bambo Sérgio anafotokoza, amalume n'kuwakumbutsa kuti mbumba ili ndi eni ake, mkamwini salamula pa matenda a mwana wa eni. Tinagamula monga mwa mwambo wathu, kuti wodwala abwerere kwa abale ake. Pa 9 Novembala 2024 tinawabweretsa kuno. Ana anatsala ku Cuamba ndi bambo awo chifukwa cha sukulu.

Kuno redi, netiweki ya telefoni, imagwira malo amodzi okha, pa thanthwe lija la kumunda kwa a Assane, mtunda wa theka la ola. Za gulu lija sitinawakanize. Lachitatu loyamba tinawakweza pa njinga, amayi asanu ndi mmodzi tikuwaperekeza. Titafika tinayala makapulana n'kukhala mowazungulira. Malemu anatipempha kuti titalikire. Tinasuntha mapazi atatu n'kukhalanso. Mukudziwa nonse kuti kwathu kuno wodwala sasiyidwa yekha, ndipo mkazi wosiya wodwala pathanthwe n'kukaima kutali, mawa lake dzina lake lili pachitsime. Nkhope zija zitaoneka pa telefoni, azakhali ena anasuzumira n'kubayibitsa. Dotola Verónica anafunsa mwaulemu ngati malemu ali okha. Malemu anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kuyankha kuti ayi, n'kuzimitsa.

Lachitatu lachiwiri zinachitika chimodzimodzi. Lachitatu linalo malemu anati njinga isavutike. Ife tinakondwa. Tinati tsopano aona kuti abale aposa anthu a m'telefoni. Nkhope yawo sinatiuze kanthu, chifukwa matenda anali ataitseka kale.

Miyezi isanu ndi iwiri malemu sanakhalepo okha ngakhale ola limodzi. Tinkasinthana. Wina akutong'ola chimanga pambali pa mphasa, wina akuwakupiza, wina akuwauza kuti Mulungu ndi wamkulu. Palibe tsiku anagona ndi njala kapena ndi nsalu yakuda. Zimenezo ndikuchitira umboni, ndipo amayi a mudzi uno palibe angawanene kuti ndi aulesi. Koma mwa ife tonse panalibe mmodzi wodziwa mmene zimakhalira mwendo ukakana kunyamuka pakhomo, ndipo panalibe mmodzi amene malemu akanamuuza za mumtima osamva mawa lake kuti zafika kwa amalume.

Mu Febuluwale 2025 mapiritsi anatha, mvula itadula msewu, ndipo anakhala masabata atatu osamwa. Bambo Sérgio anafika ndi mapiritsi ena akukankha njinga yamoto m'matope. Anatiuzanso tsiku limenelo kuti Dotola Verónica awaimbira kawiri kufunsa za malemu. Tinawapatsa madzi osamba ndi chakudya, koma mawu awo sitinawalandire. Mapiritsi atabwera thupi linamasukako, koma malemu anali ataleka kudzuka pamphasa. Tikawauza kuti ayende pang'ono monga ananenera dotolo, ankafunsa kuti, "Ndipite kuti?"

Mu Epulo, tsiku lina ndikuwamwetsa phala, anandigwira mkono n'kundikokera pafupi kuti ndimve. Anati, "Achemwali, mukananditengera ku Mandimba kwanu n'kunditsekera chitseko ola limodzi lokha, ndikanakuthokozani kuposa phala lonseli." Nyumba yanga ku Mandimba ili ndi zipinda ziwiri, redi imagwira mpaka kubafa. Ndinawayankha kuti, "Nanga anthu aziti chiyani?" Sanandipemphenso. Ndanena zimenezi pamaso panu kuti wina asaganize kuti ndaima pano kuloza anzanga chala.

Mu Meyi anayamba kutsamwa akamameza. Kumayambiriro kwa Juni, kuzizira kutafika, chifuwa chinawagwira ndipo thupi linatentha. Pa 9 Juni tinapita nawo kuchipatala ku Mandimba, kumene anatiuza kuti ndi chibayo, ndipo anayesetsa mmene akanathera. Malemu anatisiya Lachinayi pa 12 Juni 2025, m'mawa, ali ndi zaka 41.

Sindikunena kuti telefoni ikanawachiritsa. Matendawa sachira, ndipo tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu. Ndikunena chimene ndinaona. Ku Cuamba malemu anali ndi chifukwa chosambira ndi kuvala bwino Lachitatu, ndipo ankadzuka. Kuno tinawachotsera chifukwacho, tikuganiza kuti tikuwakonda, ndipo anagona mpaka chifuwa chinawapeza ali chigonere.

Tsiku limene anamwalira ndinatchaja telefoni yawo kuti ndipeze manambala a achibale. Itangoyaka inayamba kulira osalekeza. Anali mauthenga a anthu a gulu lija, a miyezi isanu ndi iwiri, Lachitatu lililonse osadumpha. Ndinamvera umodzi wokha, chifukwa enawo sanali anga. Anali mawu a bambo Carlitos a ku Nampula, amene kale anali dalaivala. Ankati, "Prisca, telala waulesi iwe, malo ako tikukusungirabe. Ukachedwa timupatsa wina wodziwa kunjenjemera bwino kuposa iwe." Kenako anaseka, n'kunena kuti, "Bwera, mlongo." Ndinawayankha kuti malemu apita. Pasanathe ola anandiimbira anthu asanu. Anapempha kuti aonere mwambo uno pa telefoni. Ndinawauza kuti kuno kulibe redi. Anati akudziwa.

Malemu asiya amuna awo, bambo Sérgio. Ana atatu, Rozi wa zaka 19, Matias wa zaka 15 ndi Florência wa zaka 11. Mkulu wawo, ine Luciana. Mlongo wawo, a Nelito, ndi banja lawo. Amalume athu a Abílio, azakhali, ndi mbumba yonse ya kuno ku Itepela.

M'malo mwa banja ndikuthokoza a padiri, a katekisita ndi amayi a kwaya amene akhala nafe chiyambire Lachinayi. Ndikuthokoza adzukulu amene akumba manda. Ndikuthokoza anamwino a ku Mandimba. Ndikuthokoza bambo Ismael, amene ndi ukalamba wawo abwera pa njinga yamoto ndipo nsalu yokutira bokosi aisoka okha. Ndikuthokoza abale athu Achisilamu a mudzi uno amene abweretsa ufa ndi nkhuni. Ndikuthokoza amayi onse amene munasinthana pa mphasa ija. Munachita zimene tinaphunzitsidwa, ndipo munazichita ndi mtima wonse. Ndikuthokoza Dotola Verónica ndi anthu asanu ndi awiri amene sindinawaonepo. Bambo Sérgio, alamu anga, ndinakukankhani pakhomo panu pomwe, pamene inu nokha ndi amene munkadziwa chochita. Ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa.

Tsopano za a Nelito. Sitikudziwa ngati ndi matenda omwewa, ndipo wonena ndi dotolo, osati ine, osati asing'anga, osati bwalo la banja. Bambo Carlitos atipezera malo oonana ndi dotolo wa mitsempha ku Nampula Lolemba likubwerali, ndipo atipatsa pogona kwawo. Tikaliphonya tsikulo tidikira miyezi. Akawapeza nawo matendawa, a Nelito adzakhala ku Mandimba, pa nyumba yawo, ndi akazi awo ndi ana awo. Akadzafuna kulowa m'gulu lija adzalowa, chitseko chidzatsekedwa, ndipo pakhonde ndidzakhala ine. Amene adzamve kulira m'katimo adzadikire panja.

Amalume, sindikukunyozani. Munatitsogolera m'tchire pothawa nkhondo, ndipo popanda inu bwenzi pano palibe woima n'kuwerenga pepala. Koma mwa ana asanu a mlongo wanu tatsala awiri, ndipo zimene mwagamula dzulo ine sindizivomera. A Nelito ndawafunsa okha, osati kudzera mwa wina, ndipo anena kuti apita. Ndikudziwa kuti abale sachoka pa maliro asanamete. Ife sitidikira. Amene akufuna tsitsi langa abwere ndi lezala andimete pompano tisanapite kumanda, mutu ndi uwu.

Mayi Prisca Matias, mng'ono wanga, Ambuye akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.

Chikwama cha a Nelito akazi awo alongedza m'mawa uno. Chili m'galimoto imene yabweretsa bokosi, ndipo dalaivala wavomera kutidikira. Tikathira dothi, tinyamuka.